Buluku la Abambo ndi Madzi Akuya a ku Chisi

Ndikukumbukira tsiku limene achimwene anga, a Bizwiki, anafika pakhomo osaimba mluzu. Tinali pa tchuthi chachikulu, nditangolemba mayeso a Fomu 2, nyengo imene mpunga umakhala utalowa kale m'nyumba ndipo m'minda ya ku Likangala mumangotsala ziputu ndi ng'ombe. Masiku amenewo ndinali ndi kope la chikuto chofiira m'mene ndinkalembamo za tsiku lililonse, chifukwa aphunzitsi athu anatiuza kuti mtsikana wofuna kupita patali azilemba. Ndinkalemba ndi mtima wonse: za mphepo, za nkhuku yosowa, za malonjezo anga oti kuyambira mawa ndisiya kuseka m'tchalitchi. Koma tsiku limenelo ndinangolemba mzere umodzi: "Achimwene abwera, mluzu ausiya kukampu."

Achimwene anali munthu wa mluzu. Akamachokera kudimba kapena kudoko, tinkayamba kumva nyimbo, kenako n'kuona mutu ukudutsa pamwamba pa mpanda wa udzu, thupi lonse n'kufika pambuyo. Anali aatali ngati mgwalangwa, msinkhu wotengera kwa abambo. Ine ndinatengera amayi, amene akaima pamtondo munsi unkawaposa. Utali umenewu ndi umene unawathandiza achimwene pamene asilikali anabwera kuboma kudzalemba anyamata ntchito. Mudzi wonse unawaperekeza. Amayi anapha tambala wathu wamkulu, anaphika mpunga ndi kalongonda, kutchalitchi anawaimika kutsogolo n'kuwapempherera, ndipo atsikana a kwaya anawaimbira mpaka pokwerera basi, ena akulira mopitirira pa chinansi. Munthu woperekezedwa motero sabwerera kwawo ndi sutikesi pamutu.

Ndiye anafika mwakachetechete, mutu uli mpala, atavala kabudula ndi malaya awo akale. Anati awapatsa masiku ochepa opuma, maphunziro sanathe. Chakudya anangochitosatosa. Abambo, amene anali mkulu wa mpingo ndiponso munthu wosapupuluma, anadikira mpaka ine nditachotsa mbale pamkeka.

"Tayankhula, mnyamata. Akuchotsa?"

"Sanandichotse, bambo. Koma atsala pang'ono."

Anatifotokozera kuti zonse zinkayenda bwino: kuguba, kuthamanga ndi katundu kumsana, kukwera chingwe, ngakhale mfuti. Ndiye linafika tsiku la madzi. Anawatengera kudamu lalikulu, sajeni wawo n'kufunsa ngati panali wodziwa kale kusambira. Achimwene anakweza dzanja msangamsanga, n'kunena monyadira kuti iwo anabadwira m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, ndipo anayamba kusambira asanayambe kuvala kabudula. Sajeni anakondwa, nati ayambe ndi iwowo kuti anzawo a kumapiri aonerepo. Analumpha bwinobwino. Atalowa m'madzi anatsitsa miyendo, monga mwa nthawi zonse, kuti aponde pansi adzikankhe.

"Pansi panalibe," anatero achimwene, akutiyang'ana mmodzimmodzi ngati munthu woberedwa pamsika. "Amayi, ndinafunafuna ndi mapazi onse awiri. Panalibe."

Anawavuula ndi nsungwi atamwa madzi okwana kuthirira dimba. Kuyambira tsiku limenelo anzawo anawapatsa dzina loti Mwala wa ku Chilwa. Sajeni yekha ndiye sanaseke. Ananena kuti akabwerako kopuma, onse olephera adzayesedwanso: kuwoloka damu lija, komanso kuvula buluku uli pakati pa madzi n'kulisandutsa choyandamira. Wolephera ulendo wachiwiriwo adzakwera basi ya kwawo.

"Koma iwe umasambira!" anatero abambo modabwa. "Tonse kuno timasambira!"

Munthu wa kwina sangamvetse, ndiye ndifotokoze. Nyanja yathu ndi yotakata moti tsidya lake limangooneka ngati utsi, koma ndi yosazama ngati lichero. Madzi ake ndi a mtundu wa tiyi wamkaka, amcheremchere, oterera pakhungu ngati wina wasungunuliramo sopo, ndipo pansi pali thope lofewa limene limatuluka pakati pa zala ukaponda. Mabwato ambiri sapalasa, amakankha ndi nsungwi yaitali. Msodzi chipewa chikamugwa amangotsika n'kukachitola. Ndiye ife ana tikati tikusambira, tinkagona chafufumimba n'kumamenya madzi ndi manja, phwaa phwaa, phazi limodzi likukankha thope mwakachetechete, mpweya ukatha n'kungoimirira. Palibe amene ankanama. Tinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti kumeneko ndiye kusambira, ndipo achimwene, pokhala ndi miyendo yaitali kuposa aliyense, ndiwo anali katswiri wa mudzi wonse.

M'mawa mwake anatulutsa benchi pabwalo, n'kugonapo chafufumimba kuti ationetse zimene sajeni anawaphunzitsa. Manja azipita kutsogolo pamodzi n'kupatuka ngati ukudzipezera njira m'mabango. Miyendo izipinda n'kutambasuka ngati ya chule. Mpweya uziutulutsa nkhope ili m'madzi, uzikoka wina mutu ukadzuka. Ine ndinakhala pakhonde ndi kope langa, kulemba zonse mosamala ngati ndidzafunsidwa pamayeso. Kunena zoona, pa benchi ankasambira bwino zedi. Anawoloka bwalo lathu kangapo osasuntha, nkhuku zikuwazungulira, ana a m'mudzi atadzaza mipata ya mpanda ndi maso. Koma pa benchi sipanamirepo munthu. Panafunika zinthu ziwiri: madzi oposa msinkhu wawo, ndi buluku lalitali, poti yunifolomu sanaloledwe kubwera nayo.

Pabanja pathu buluku lalitali linalipo limodzi. Linali la abambo, lakuda, lovala Lamlungu lokha, ndipo sabata yonse linkagona pansi pa mphasa yawo kuti mzere wake usafe. Abambo anakana m'mawa, anakananso masana. Chakumadzulo amayi, akusankha mpunga m'lichero, anayankhula osadzutsa mutu.

"Abambo ake Bizwiki, Lamlungu likubwerali mukhoza kuima kutsogolo ndi buluku lamakwinya. Kapena muime ndi losalala, mwana wanu atakhala kumbuyo ndi sutikesi yake. Musankhe nokha, ine ndilibe mawu."

Abambo analowa m'nyumba, anatuluka nalo atalipinda okha, n'kulipereka kwa ine, osati kwa achimwene. "Libwere Loweruka," anatero. "Lathunthu."

Amalume athu a Chikopa, alongo awo a amayi, anali ndi bwato ku Kachulu, ndipo anavomera kutitenga kukafuna madzi akuya. Amayi anati apita nawo kuti akaone mng'ono wawo pachilumba cha Chisi, kumene anabadwira, komanso kuti aziyang'anira bulukulo. Tinafika padoko dzuwa likungotuluka. Fungo la matemba oyanika ndi milamba yowamba linkagwira mpaka m'tsitsi. Panjira yotsikira kumabwato panaima anyamata a malaya ofiira, ofunsa makadi a chipani, monga zinkakhalira paliponse masiku amenewo. Tinaonetsa makadi athu, koma mmodzi anaona chimene ndinakoleka pamkono.

"Iwe mtsikana, buluku ukupita nalo kuti? Lamulo sukulidziwa?"

Nthawi imeneyo mkazi wovala buluku ankalowa m'mavuto aakulu. Amalume analilanda n'kulitambasula pambali panga. Lamba wake anandifika pachibwano.

"Taona bwino, mphwanga," anatero. "Ameneyu angalowe yense mwendo umodzi, winawo n'kulowa amake."

Mnyamata uja anayesa kuumitsa nkhope koma zinamukanika, ndipo anatilola kudutsa.

Poyamba bwato linadutsa m'kanjira kopapatiza pakati pa njedza, udzu wautali wa m'nyanja mwathu, umene unkatikwapula m'masaya. Munali kafungo ka thope lofunda, udzudzu, ndi mbalame zosaoneka zimene zinkalira ngati zikutiseka. Nsungwi ya amalume inkalowa, tchubwi, n'kutuluka ikudontha. Kenako njedza zinatha mwadzidzidzi, nyanja n'kutseguka, yoyera mbee ndi dzuwa, mapiri a Chisi atakhala patali ngati ng'ombe zogona. Titayenda ndithu, amalume anaimitsa bwato n'kunena motsimikiza kuti apa ndiye pakuya. Achimwene anavula malaya, anapuma mwamphamvu, analumpha. Madzi anawalekeza m'chiuno.

Tinapita patsogolo. Anawalekeza pachifuwa. Tinapitanso, tinakhotera kumpoto, tinabwerera, ndipo paliponse achimwene ankangoima chilili pakati pa nyanja, nkhope ili yachisoni, ngati mzati woiwalika woti kakowa n'kuterapo. Malo ena madzi anawafika m'khosi ndipo tonse tinayamba kusangalala, koma iwo ananena moona mtima kuti apinda mawondo. Asodzi okhala m'zimbowera, tinyumba toyandama tija amamanga pamwamba pa njedza, anatiyang'ana nthawi yaitali mpaka mmodzi analephera kupirira.

"A Chikopa! Mwataya chiyani?"

"Tikufuna madzi!"

"Madzi? Nanga bwatolo likuyenda pa chiyani, pa fumbi?"

"Tikufuna oti munthu uyu amiremo!"

Msodziyo anayang'ana achimwene. "Wakulakwirani chiyani mwana wa eni ake?"

Wina wa m'chimbowera chapafupi anakuwa kuti tingomudula miyendo, amira pompo. Amalume anaseka mpaka nsungwi inatsala pang'ono kuwapulumuka, ine ndinaseka mpaka m'nthiti munawawa, ngakhale achimwene anamwetulira pang'ono. Amayi okha anangokhala phee pansi pa ambulera yawo, buluku lili pamiyendo. Dzuwa litafika pamutu ndi pamene anatsegula pakamwa, akuyang'ana amalume.

"Achimwene, lekani kuzunguza ana. Lunjikani kuseri kwa thanthwe lija tinkachapirapo."

Amalume anawayang'ana mwachilendo. "Paja?"

"Ee, paja."

Kuseri kwa Chisi kunali thanthwe lalikulu lotsetsereka mpaka m'madzi, pamwamba pake pali mlambe. Madzi a pamenepo anali akuda ndi ozizira, osiyana ndi a nyanja yonse. Amalume anatsitsa nsungwi. Inalowa, inalowabe, inalowa yonse mpaka dzanja lawo linanyowa, ndipo akanagwera momwemo achimwene akanapanda kuwagwira malaya. Tinapeza chimene tinkafuna. Ndinayang'ana achimwene kuti tisangalale limodzi, koma iwo ankangoyang'ana madziwo.

Anatsika atagwira m'mbali mwa bwato. Anataya. Manja anapatula mabango bwinobwino, miyendo inachita za chule kamodzi, kawiri, kenako ndinaiona ndi maso anga ikutsika yokha kukafuna pansi. Thupi lonse linaitsatira, chilili, ngati khasu. Anatuluka akutsokomola, amalume n'kuwapatsira nsungwi. Anayesanso, zomwezo. Anayesa mobwerezabwereza mpaka milomo inayamba kunjenjemera. Ine, pofuna kuthandiza, ndinawauza kuti aphunzitsi athu a sayansi anati munthu wodzaza mpweya m'chifuwa sangamire.

"Fele," anatero kwa ine akulavula madzi, "ukawauze aphunzitsi akowo abwere adzaonere."

Kenako anakangamira m'mbali mwa bwato, chipumi atachitsamiritsa pathabwa, maso ali psuu. Anayankhula motsitsa, osati kwa ine kapena kwa amalume. "Amayi, ndingobwerera. Ndizidzalima mpunga. Miyendo yangayi simva." Kuseka konse kwa tsikulo kunathera pomwepo. Ndinali ndisanawaonepo achimwene akuchita mantha, ndipo ndinaona m'maganizo mwanga akutsika basi, atsikana a kwaya aja akuyang'ana kumbali.

Amayi anandipatsira ambulera. Anandipatsira buluku. Anavula duku n'kulipinda bwinobwino, anatenga nsonga ya chitenje n'kuidutsitsa pakati pa miyendo, kuisomeka kumbuyo monga amachitira akazi polowa m'dambo. Ndisanafunse kanthu, anatsetsereka m'mbali mwa bwato n'kuzimirira. Ndinakuwa. Anatulukira chapatali, atagona chagada, manja atapinda pamimba ngati munthu wopuma atamaliza kupalira, zala za kumapazi zili pamtunda. Kenako anatembenuka n'kuzungulira bwato lonse mwakachetechete, osamwaza ndi dontho lomwe, ngati katumbu.

"Amayi!" anakuwa achimwene. "Munaphunzira kuti?"

"Pompano. Inu aatali mumayenda m'nyanja. Ife aafupi, pamene inu madzi ali m'chiuno, ife tamira kale. Ndiye ukuganiza tinkatani?"

"Ameneyu," anatero amalume akupukuta misozi ya kuseka, "akakana kusinja ankathawira pano, n'kugona pakati pa madzi mpaka dzuwa kupendeka. Tonse tinkangoima pathanthwe n'kumamunyengerera."

Chikwatiwire kumtunda, amayi anali asanalowepo m'nyanja kupyola m'mawondo. Mkazi wa mkulu wa mpingo sankayenera kuoneka akuyandama ngati chikho, ndipo palibe amene anawafunsapo. Tsopano anasambira kufika pamene panali mwana wawo, dzanja limodzi anagwira bwato, linalo analiika kunsi kwa khosi lake.

"Za chulezo uyambe wasiya. Gona chagada. Makutu alowe m'madzi. Yang'ana mlambewo. Mimba ikwere, iwe, sukubisa kanthu. Usafune pansi, pansi palibe chako."

Miyendo ija inayamba kutsikanso, ndipo amalume anagogoda bondo ndi nsungwi. Inakwera. Inatsikanso, anagogodanso. Achimwene ankapuma ngati mbuzi yothamangitsidwa, zala zikukanda madzi.

"Ndinakusambitsa m'beseni uli woterera ngati mlamba, sindinakugwetse," anatero amayi. "Ndikugwetse lero uli ndi ndevu?"

Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Ndikukumbukira kuti mthunzi wa mlambe unasuntha kuchoka pathanthwe kufika pamadzi, ndipo amayi ankang'ung'udza kanyimbo kamene ndinali nditakaiwala. Pang'onopang'ono mapewa a achimwene anamasuka, thupi lalitali lija linakwera lonse, ndipo zala zawo za kumapazi zinatulukira kutali, ngati za munthu wina. Anatseka maso. Pamenepo ndinaona kuti dzanja la amayi silinalinso kunsi kwa khosi. Ankakonzera nalo tsitsi lawo. Anandiyang'ana ndi diso lija limene ankandiletsera kuseka m'tchalitchi, ndipo ndinaluma mlomo.

"Amayi, musachotse dzanja," anatero achimwene, maso ali chitsekere.

"Sindichotsa, mwanawe," anayankha amayi, ali kale kutsogolo kwa bwato.

Mawuwo anamveka patali, ndiye achimwene anatsegula maso. Anaona amayi uko, anaona kumwamba, n'kumira nthawi yomweyo. Koma ulendo uno anatuluka akuseka ndi kutsokomola pamodzi, ndipo asanagwire nsungwi ya amalume anadzigoneka okha chagada, n'kukhala pomwepo.

Tinakhala kwa amayi aang'ono masiku otsatirawo, tikudya makumba owotcha ndi chinangwa, m'mawa uliwonse n'kupita kuthanthwe. Mapazi ataiwala za pansi, za chule za sajeni zija zinayamba kugwira ntchito. Achimwene anayamba kuwoloka kuchoka pathanthwe kukafika kunjedza n'kubwerera, poyamba ndi kabudula yekha, kenako ndi malaya, kenako ndi nsapato zakale za amalume, amayi akusambira pambali pawo n'kumawadzudzula kuti akumenya madzi ngati awalakwira.

Ndiye linafika tsiku la buluku. Ana a pachilumba anali atamva kale, ndipo anadzaza thanthwe lonse. Achimwene analivala, analowa nalo m'madzi, analivula ali pakati, akupalasa ndi miyendo yokha. Anamanga mfundo kumapeto kwa mwendo uliwonse, anatseka mabatani, analigwira m'chiuno mwake kumbuyo kwa mutu, n'kuliponya kutsogolo mwamphamvu kuti likokere mpweya, pakamwa pake n'kupakanikizira pansi pa madzi. Miyendo yonse iwiri inafufuma, tonse n'kuyamba nthungululu. Koma nthungululu zisanathe, mbali ya kumanja kunayamba kutuluka tithovu, tuwi tuwi tuwi, ndipo buluku la mkulu wa mpingo linafota pamaso pa anthu onse.

Amayi analitenga, anapisa dzanja m'thumba, chala n'kutulukira mbali ina. "Chaka chonse ndakhala ndikuwauza abambo ako kuti andipatse ndisoke," anatero. "Amati m'thumba simuona munthu." Anasoka pomwepo pathanthwe, ndi singano ya amayi aang'ono. Ulendo wachiwiri buluku linafufuma n'kukhala chifufumire. Achimwene analowetsa mutu pakati pa miyendo yake, ija inaima uku ndi uku ngati nyanga za ng'ombe, n'kugona pamadzi ngati bwana, akumaliwaza madzi kuti lisaume n'kutaya mpweya. Ali chigonere choncho, ndinamva kamluzu kakang'ono, kosamalizika, ngati munthu akuyesa ngati kakadalipo.

Tsiku lomaliza amayi anaika dzanja kunsi kwa khosi langanso. Makutu atalowa m'madzi dziko lonse linakhala zii, n'kungotsala thambo ndi kugunda kwa mtima wanga. Madzulo ake ndinadzaza masamba awiri a kope, ndipo ndinalonjeza kuti ndikamaliza sukulu ndidzaphunzitsa atsikana onse a kwathu kwa Kuntumanji kusambira. Lonjezo limenelo linathera pa ana anga okha, koma ndinalilemba moona mtima.

Loweruka buluku linabwerera kwa mwini wake, lathunthu monga analamulira. Tinalichapa ndi sopo, tinalisita ndi simbi ya makala, koma mchere wa m'nyanja unasiya mizere yotuwa, ndipo m'mene munali mfundo munakhala makwinya osamva simbi. Abambo analitembenuza uku ndi uku. Amalume, amene sakanatha kusunga nkhani ngakhale mutawamanga pakamwa, anafotokoza zonse, akuonetsa ndi manja m'mene amayi anazungulirira bwato. Abambo anaika buluku pansi n'kuwayang'ana amayi nthawi yaitali.

"Amake Bizwiki, zaka zonsezi tikamawoloka ndimakugwirani dzanja, n'kumakuuzani kuti musaope, ndilipo."

"Ndipo mumagwira bwino, abambo," anatero amayi, akupitiriza kusesa.

Lamlungu abambo anaima kutsogolo kwa mpingo, m'akakolo muli makwinya ngati masamba a mpiru, akumveka kafungo ka nyanja, n'kupemphera pemphero lalitali kwambiri lopempherera onse oyenda pamadzi. Ine ndinaphwanya lonjezo langa la kusaseka.

Achimwene ananyamuka Lolemba, popanda kwaya. Kuyambira pamenepo tinayamba kuopa basi. Ikangolira kumsewu, amayi ankasiya chimene akuchita n'kukwera pachulu cha kuseri kwa nyumba, kuyang'ana ngati pakati pa otsika pali mutu woposa ena onse. Tsiku lopanda mutu wotero linali tsiku labwino. Tsiku lina kunatulukira munthu wamtali, sutikesi ili pamutu, akulunjika kwathu, ndipo amayi anangokhala pansi pachulu pomwepo. Atayandikira tinapeza kuti ndi wogulitsa zovala. Amayi sanagule kanthu, koma anamupatsa mpando, madzi ndi chinangwa chophika, moti munthuyo anachoka akudabwa ndi ulemu wa mudzi wathu. Ndinabwerera kusukulu tisanamve chilichonse, ndipo kusamva kumeneko ndiye inali nkhani yabwino.

Pa tchuthi cha Khirisimasi, ine ndi amayi tinkasinja mpunga kuseri kwa nyumba, minsi ikulandizana. Mwadzidzidzi amayi anaimitsa munsi m'mwamba. Ndinamvetsera. Kutali, cha kumsewu, kunkamveka mluzu, wathunthu, wokweza, wosachita manyazi. Unayandikira, ndipo pamwamba pa mpanda panadutsa chipewa cha usilikali. Achimwene analowa pabwalo nsapato zikung'anima, anachitira abambo sawatcha, kenako anagwada pamaso pa amayi, ndipo atagwada choncho ndi pamene anafanana msinkhu. Anabweretsera abambo buluku latsopano. Abambo anathokoza, analiika pansi pa mphasa, n'kupitiriza kuvala lakale lija, ati thumba lake ndi losokedwa bwino.

Achimwene anagwira usilikali mpaka kupuma, ndipo zaka zina iwo ndiwo ankaphunzitsa anyamata atsopano za m'madzi. Dzina la Mwala silinawachoke. Ankatiuza kuti nawonso ankayamba ndi funso lomwe lija, ndipo mnyamata akakweza dzanja msanga n'kunena kuti ndi wa ku Chilwa, ankamuyamikira kwambiri, kenako n'kumuyambitsira kosaya.

Zinthu zasintha. Nyanja yathu yaphwa kangapo chichokere nthawi imeneyo, ndipo chaka china ndinapita ku Chisi pa njinga ya kabaza, tikudutsa pathope louma long'ambikang'ambika pamene kale panali zimbowera. Ndinapempha mnyamata wa njingayo kuti aime kuseri kwa thanthwe lija. Ndinatsikira m'chigwa chake, ndinaima pamene nsungwi ya amalume inalowa yonse, ndipo pambali panga mbuzi inkadya udzu. Adzukulu anga m'tauni amaphunzira kusambira m'dziwe la simenti la madzi oyera, loti pansi pamaoneka, m'mphepete mwake atalembamo manambala osonyeza kuya, kotero palibe amene angalumphe n'kudabwa. Mdzukulu wanga wamkazi amapitako atavala buluku, ndipo palibe womufunsa kuti akupita nalo kuti. Zonsezi ndi zabwino, sindidandaula. Koma ndikakhala pampando n'kumaonerera, sindiyang'ana zoyandamira zawo za pulasitiki. Ndimayang'ana dzanja la mphunzitsi, kuti ali nalo pati, ndipo alichotsa liti.

Chaka chawo chomaliza amayi anafooka moti sankatha kudzuka okha. Achimwene, imvi zili mbuu, ankabwera m'mawa uliwonse kudzawamwetsa phala. Tsiku lina ndinawaona akupisa dzanja lawo lalikulu kunsi kwa khosi la amayi n'kuwadzutsa pang'onopang'ono. Amayi anatsegula diso limodzi.

"Wagwira bwino. Anakuphunzitsa ndani?"

"Munthu wina wamfupi wa ku Chisi."

"Ndiye usachotse dzanja."

"Sindichotsa, amayi."

Ndipo mosiyana ndi amene anawaphunzitsa, iwo sanachotsedi.